Bawuti yalowa, inde, koma ndi yake?

Akuluakulu, madalaivala, ndi inu nonse ochita geni ya masipeya, lero ndabwera ndi mlandu. Pali mawu amene ndatopa kuwamva m'misika ndi m'magalaja, kaya ndi ku Blantyre, ku Lusaka kapena ku Harare, akuti "bawuti ndi bawuti." Munthu wapita ndi bawuti yothyoka ya Land Rover yakale. Wogulitsa waiyang'ana ndi diso limodzi, wapisa dzanja m'chitini cha penti, watulutsa ina yofanana nayo kukula. Mukafunsa ngati ndi yake, yankho lake ndi lomwe lija: "Ilowa bwana, mungoilimbitsa." Ine ndikuti mawu amenewa akutimalizira magalimoto akale a ku Mangalande amene dzimbiri linawalephera, ndipo tsiku lina adzatimalizira munthu.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndekha, musanandinene kuti ndikulalikira za m'mabuku.

Malume anga ali ndi Land Rover ya Series IIA, yaitali ija ya 109, imene anagula pa esiteti ina ine ndili mwana. Ntchito yake ndi kutsitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi kuchokera ku Dedza kupita kunyanja, pobwerera usipa. Chaka china kachitsulo kogawa mafuta a mabuleki, kaja kolumikiza mapaipi atatu pa ekiselo ya kumbuyo, kanang'aluka. Makaniko wina, dzina ndisunga chifukwa ndi munthu wa ana, anapita kogwetsera magalimoto n'kukachotsa kofanana nako pa galimoto ya ku Japan. Manati a mapaipi analowa popanda kukana. Anachotsa mpweya m'mabuleki, pedulo inalimba, tinalipira, tinathokoza. Galimoto inayenda masabata atatu bwinobwino.

Tsiku limenelo chiwongolero chinali ndi ine. Tikutsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, matumba ali tho kumbuyo, pakona pena panatulukira wanjinga atasenza makala. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zonse. Pedulo inagwira kamodzi, kenako inangoti fwaa mpaka pansi. Amene mumazidziwa Land Rover za nthawi imeneyo mukudziwa kuti mabuleki ake ndi a njira imodzi: pakaphulika pamodzi, matayala onse anayi atha. Chinatipulumutsa ndi giya yachiwiri imene ndinali nditaika kale, handibuleki imene pa Land Rover imagwira kuseli kwa giyabokosi, ndi khoma la phiri limene ndinakhulitsako mbali yonse ya galimoto. Malume sanalankhule mpaka tinafika pa Golomoti.

Titagona pansi pa galimoto tinapeza paipi yazuka ndi nati yake yomwe, mazinga ali fwafwalala ngati chisa chakutha mano. Nati ya paipi ya Land Rover ija inali 3/8 UNF: kunenepa kwake mamilimita 9.5, mazinga 24 pa inchi imodzi. Kachitsulo ka ku Japan kanali ka M10 x 1: mamilimita 10, mazinga 25 ndi kachidutswa pa inchi. Kusiyana kwake ndi theka la milimita basi. N'chifukwa chake nati imalowa, imazungulira, imaoneka ngati yamanga, koma yagwira ndi nsonga zokha za mazinga. Pa buleki ya tsiku ndi tsiku imapirira. Tsiku limene mwaponda kuti mupulumutse moyo, ndi tsiku limene imakusiyani. Makaniko uja sananame ponena kuti yalowa. Cholakwa chake chinali kuganiza kuti kulowa ndiye kukwana.

Tsono kuti timvane, mundilole ndifotokoze kumene chisokonezochi chinachokera, chifukwa ambiri mumaganiza kuti mitundu ilipo iwiri, ya mainchi ndi ya metric. Ikanakhala iwiri bwenzi tikuvina.

Kalekale ku Mangalande fakitale iliyonse inkasema mazinga akeake. Mu 1841 injiniya wa ku Manchester, Joseph Whitworth, anakhazikitsa muyezo umodzi, mazinga opendekeka madigiri 55. Amenewo ndi aja timati Whitworth kapena BSW, okhakhala, otalikirana. Magalimoto atabwera ndi kunjenjemera kwake, anaona kuti pakufunika mazinga othinana, ndipo mu 1908 panabwera BSF. Timasikuluwu ting'onoting'ono ta magetsi ndi mamita a padashibodi tinali ndi mtundu wakewake wotchedwa BA. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Angelezi ndi Amereka anali mbali imodzi koma mabawuti awo sankalowana, chifukwa Amereka ankasema mazinga a madigiri 60. Ndiye nkhondoyo itatha Britain, America ndi Canada anagwirizana za muyezo wina, UNC wokhakhala ndi UNF wothinana. Nawonso ndi a mainchi, koma si Whitworth. Asanamalize n'komwe kusamukira kumeneko, mu 1965 Angelezi analengeza kuti akupita ku metric.

Fakitale sitaya makina chifukwa boma lalengeza. Zotsatira zake n'zimene zili pansi pa galimoto ya malume anga. Giyabokosi yake inapitiriza ndi mabawuti a BSF ndi mitu ya Whitworth kwa zaka zambirimbiri. Injini ndi tchesisi zili ndi UNF ndi UNC. Zamagetsi zili ndi BA. Ndipo Series III, imene inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, itafika cha m'ma 1980 inayamba kubwera ndi zina za metric pa injini ndi pa mabuleki. Galimoto imodzi, mitundu inayi kapena isanu. Onjezanipo amakaniko khumi amene aigwira m'zaka makumi asanu, aliyense kusiyapo chake.

Ndipo pali ina yoseketsa. William Morris anagula fakitale ya mainjini ya Hotchkiss ku Coventry mu 1923. Eni ake oyamba anali Afalansa ndipo makina ake ankasema mazinga a metric. M'malo mosintha makinawo, anangosintha mitu ya mabawuti kuti masipanala a Chingelezi azigwira. Ndiye injini za MG zakale zija za TC, TD ndi TF zili ndi bawuti ya thupi la metric koma mutu wa Whitworth. Amene mumaweruza bawuti poona sipanala imene yagwira mutu, pamenepo mwagwa nayo.

Musandimve molakwa. Ine sindine wokonda mainchi. Metric ndi yabwino, ndi yosavuta, M8 ndi mamilimita 8 basi, mwana wa sitandade 5 amva. Angelezi anatisiyira chipwirikiti ndipo sindiwaikira kumbuyo. Koma bowo limene linasemedwa mu buloko ya injini mu 1968 silinamve kuti dziko linasintha. Likudikirabe bawuti yake.

Tibwere pa masipanala, pamene pamayambira kuononga kwambiri. Sipanala ya metric imalembedwa kukula kwa kamwa yake. Ya UNF ndi UNC nayonso imatero, ndi ija imalembedwa AF, monga 1/2 AF kapena 9/16 AF. Koma ya Whitworth imalembedwa kunenepa kwa bawuti imene imamanga, osati kamwa yake. Sipanala yolembedwa 1/4 W ili ndi kamwa ya mamilimita 13.3, ndipo yomweyo ndi imene imamanga 5/16 BSF. Mutu umenewo 13 salowa, 14 amaterereka. Mutu wa 1/2 AF ndi mamilimita 12.7: 13 amalowa koma akugwedera, pa nati yatsopano mudutsa, pa nati yadzimbiri mupanga mutu wozungulira ngati batani. Mutu wa 9/16 AF, umene uli pa manati a pulopushafuti ya Land Rover mpaka pa Defender yomwe, ndi mamilimita 14.3: 14 amakana, 15 amaterereka. Ndiye mnyamata wa pagalaja amatani? Amakhomera 14 ndi hamala. Ikakana amatenga shifitingi. Shifitingi ikamaliza makona amatenga tchizulo. Tchizulo ikalephera amaitana wowotcherera. Ntchito ya mphindi khumi yadya tsiku lonse, ndipo bilu akulembera inu.

Chilungamo chake, pali masaizi ena amene amagwirizana. 19 ndi 3/4 AF ndi amodzi, 11 ndi 7/16 AF ali pafupi kwambiri, 16 amagwira 5/8 AF, 18 amagwira 3/8 W. Ochepa amenewa ndi amene amanamiza anthu kuti onse amatero. Koma kugwirizana kumeneko ndi kwa mutu. Mazinga ndi nkhani ina.

Onani bawuti imene imaoneka ngati M8. Ya 5/16 inchi ndi mamilimita 7.94, diso silingasiyanitse. Koma 5/16 BSW ndi 5/16 UNC zili ndi mazinga 18 pa inchi, 5/16 BSF ili ndi 22, 5/16 UNF ili ndi 24, pamene M8 wamba ili ndi 20 ndi kachidutswa. Mabawuti asanu ooneka ngati mapasa, onse m'chitini chimodzi cha penti. M8 mukailowetsa m'bowo la BSF imazungulira kawiri kapena katatu n'kulimba. Kulimba kumeneko si kumanga ayi, ndi kukana. Mukaumiriza ndi sipanala ndiye kuti mukusema mazinga atsopano pamwamba pa akale, ndipo ngati ndi mu aluminiyamu ya giyabokosi, simumva n'komwe kuti mwaononga. Mudzamva pamene oyilo wayamba kudontha pa Nyamapanda.

Ena mumati Whitworth ndi UNC ndi chimodzimodzi. Pa 1/4, 5/16, 3/8 ndi 7/16 chiwerengero cha mazinga chimafananadi, ndipo nati ya uyu imalowa pa bawuti ya uyo ngakhale kupendekeka kwake kukusiyana. Pomangira chitseko cha khola, palibe vuto. Koma pa 1/2 inchi, Whitworth ali ndi mazinga 12 pamene UNC ali ndi 13, ndipo salowana.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe, chifukwa ndazimva kambirimbiri. "Ingoboolani zonse muike metric, nkhani ithe." Pa malo ena ndikugwirizana nanu. Pamene bawuti ikudutsa bowo n'kukamangidwa ndi nati yake kuseli, monga pa bodi, pa madigadi, pa mpando, pa kaliyala, ikani M8 m'malo mwa 5/16, ikani M6 m'malo mwa 1/4, nati ndi bawuti zonse zatsopano. Palibe amene adzafe. Ine ndimatero. Koma pamene mazinga ali m'chitsulo cha galimoto chenichenicho, mu buloko, mu hedi, mu habu, pa chiwongolero, pa mabuleki, musayerekeze. Kuti musemepo metric muyenera kukulitsa bowo, ndipo nyama ya chitsulo imene yatsala m'mbali si imene anawerengera amene anapanga. Komanso mukusiyira msampha makaniko wotsatira, amene adzabwera ndi bawuti yolondola ya UNF n'kuipeza ikusambira.

Pa pulopushafuti ndiye pamaoneka bwino umbuli wake. Mabowo ake ndi a 3/8, mamilimita 9.5. M10 salowa. Ndiye anthu amaika M8, imene imasiya mpata wa milimita imodzi ndi theka. Giya iliyonse imene mwasintha, shafuti ikumenya mabawuti aja ngati nyundo, mpaka mabowo asanduka ngati dzira, mabawuti n'kudukira limodzi. Shafuti yakutsogolo kapena yakumbuyo ikagwa galimoto ili pa liwiro, funsani amene zinawachitikira.

Yankho lina limene ndimamva ndi lakuti, "Zimagalimoto zimenezo n'zakale, zitayeni." Akunena choncho ndi munthu amene galimoto yake yatsopano ikazima imadikira kompyuta. Pitani m'maesiteti a tiyi ndi fodya, m'mamishoni, m'mafamu a ku Mkushi, m'malo a alendo ku Luangwa, mukaone ngati Land Rover zakale, malole a Bedford ndi mathalakitala a Massey Ferguson anatayidwa. Akugwirabe ntchito. Ndipo ina ikasamalidwa bwino, okonda magalimoto akale ku South Africa ndi ku Britain amaifuna. Wogula wotere chinthu choyamba amagona pansi pa galimoto. Akaona mitu yotafunidwa ndi tchizulo ndi manati owotcherera, mtengo umatsika musanatsegule pakamwa.

Madalaivala a mathiraki, mwina mukuti izi ndi za madala a Land Rover, inu sizikukukhudzani. Tsikani mukaone matayala anu. Ma Scania ambiri amene tikuyendetsa m'misewu ino, masitadi a matayala ake ndi 7/8 BSF, mazinga 11 pa inchi. Inde, mazinga a Chingelezi omwe aja, a banja la Whitworth, pa thiraki ya ku Sweden. Ma Volvo ambiri akale ali ndi 7/8 UNF, mazinga 14 pa inchi. Benz, MAN ndi ma ekiselo ambiri a mathirela ali ndi M22 x 1.5. Inchi ya 7/8 ndi mamilimita 22.2, ija ndi 22. Kutanthauza kuti hosi ndi thirela imene ikukoka zikhoza kukhala ndi manati awiri osiyana ooneka chimodzimodzi, onse ali m'thumba limodzi m'bokosi la zida. Tayala laphulika usiku pakati pa Tete ndi Zobue, anyamata a m'mbali mwa msewu abwera ndi chipaipi cha mamita awiri, nati yakana, awiri akwerapo n'kumadumpha. Imalowa ndithu. Sitadi ija yatha pomwepo, ndipo mudzadziwa pamene tayala likukupitirirani pa msewu.

Pa malole akale a ku Mangalande palinso china: manati a matayala a mbali ya kumanzere amamasukira kumanja. Yang'anani pa nsonga ya sitadi kapena pa nati, mupeza chilembo cha L. Malole ambiri akale a ku Japan alinso choncho. Masitadi angati athyoka chifukwa munthu akuganiza kuti akumasula pamene akumanga? Amene muli ndi Freightliner kapena International, nanunso mukudziwa kuti bokosi la metric lokha silikufikitsani ku Kasumbalesa. Ngakhale paipi ya madzi kunyumba kwanu, ija mumati hafu inchi, mazinga ake ndi a Whitworth mpaka lero. Mainchi sanapite kulikonse.

Tsono inu anzanga a geni, amene mumakaoda katundu ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Dar es Salaam, mlandu waukulu uli ndi inu, ndipo ine ndili momwemo chifukwa masiku ano ndimagulitsa masipeya. Kasitomala sadziwa. Makaniko wa kumudzi alibe pofunsa. Amene waima pa kauntala ya sitolo yaikulu ya mabawuti, pamene mitundu yonseyi ili m'mashelefu ndi mayina ake, ndi inu. Mumagula makilo a M8 ndi M10 chifukwa ndi otchipa ndipo amayenda msanga, n'kubwera kudzauza mwini Land Rover kuti ilowa. Mwapindula makwacha angati pa bawuti imodzi? Nanga buloko imene mwamuonongera ndi ya ndalama zingati? Ndipo mukudzitayitsa ndalama nokha. Munthu amene wazungulira tauni yonse kufuna mabawuti asanu ndi atatu a 3/8 UNF ndi manati ake okhoma sanenerera mtengo. Amalipira, amatenga nambala yanu, amauza anzake. Katundu wake ndi wochepa, salemera, sawola, sadzaza basi. Ine ndinayamba ndi zitini zinayi zolembedwa ndi penti, UNF, UNC, BSF ndi BSW, ndipo pano amafamu amandiimbira okha.

Chimene chimafunika n'chochepa. Kachida koyezera mazinga, kaja kokhala ngati mpeni wopinda wa timasamba tambiri ta mano, n'kotchipa kuposa chakudya cha tsiku limodzi pa boda. Gulani ka mainchi ndi ka metric. Ngati mulibe, tengani bawuti yakale ndi yatsopano, muzigoneke pamodzi mazinga alumane, muyang'anitse ku dzuwa. Zikakhala zamtundu umodzi zimalumana kuyambira pamwamba mpaka pansi, kuwala osadutsa. Zikasiyana, zimalumana mazinga atatu kenako n'kuyamba kukwerana. Kapena ikani rula, muwerenge mazinga pa mamilimita 25. Ndipo nati yake yeniyeni, pa mazinga otsuka bwino, imayenda ndi zala mpaka kumapeto. Ikafuna sipanala itangozungulira kawiri, imani. Ikamagwedera ngati dzino la nkhalamba, imaninso.

Muonenso pamutu. Bawuti ya metric imalembedwa manambala, 8.8, 10.9 kapena 12.9. Ya ku America imakhala ndi timizere, titatu pa giredi 5, tisanu ndi kamodzi pa giredi 8. Za Chingelezi zakale zambiri zimakhala ndi chilembo monga R, S kapena T. Apa palinso bodza lina la pamsika, loti 8.8 ndi giredi 8. Ayi. 8.8 imafanana mphamvu ndi giredi 5, ndipo yofanana ndi giredi 8 ndi 10.9. Yopanda chizindikiro chilichonse pamutu, yonyezimira ija, ndi yomangira geti.

Amene mumatuma anzanu pa WhatsApp, lekani kutumiza chithunzi cha bawuti ili pachikhatho n'kulemba kuti "ngati iyi, khumi." Chithunzi sichionetsa kusiyana kwa mazinga 22 ndi 24. Lembani zinthu zitatu, kunenepa, mtundu wa mazinga ndi kutalika, mwachitsanzo 5/16 BSF inchi imodzi ndi theka. Ngati simukudziwa, kulungani bawuti yakaleyo m'pepala mumupatse dalaivala apite nayo, ndi nati yake ngati ilipo. Tchulani galimoto, chaka chake, ndi pamene bawutiyo yachoka, chifukwa pa Land Rover imodzi yomweyo ya pa giyabokosi si ya pa injini.

Land Rover ya malume ikuyendabe. Kachitsulo kolondola kanabwera ndi dalaivala wina wa thiraki kuchokera ku Johannesburg, tinasintha mapaipi onse a kumbuyo ndi manati ake a 3/8 UNF. Mbali imene ndinakhulitsa paphiri sitinaiwongole, ndalama zake tinagulira masipanala a AF ndi a Whitworth, akale, kwa mdala wina wopuma ntchito ya njanji. Amene mukufuna mndandanda wa masaizi a Series II mpaka III, nenani m'munsimu, ndiujambula pa kope langa ndiuike mawa ndikadutsa pa Mwanza.